Aloe wa pa Zilumba ndi Msika Wosafunsa Dzina

Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Dar es Salaam kuchokera ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, nadutsa Karonga, naoloka mtsinje wa Songwe, napirira msewu wautali wa Mbeya, Iringa ndi Morogoro, adziwa kuti ulendo wonsewo uli ndi mathero amodzi, ndiwo Kariakoo, kumene amayi ndi abambo athu a geni amakaoda zitenje, nsapato, ziwiya ndi zina zambiri zimene pambuyo pake timaziona zitayalidwa mu msika wa Taifa ku Mzuzu ndi m'misika ya Lilongwe ndi Limbe. Malowo si achilendo kwa ife monga ena angaganizire, pakuti dzina lake lomwe linachokera ku Carrier Corps, gulu la amtengatenga a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse limene linali ndi msasa pamenepo, ndipo ntchito ija yosenza katundu wa asilikali inadya makolo athu a ku Nyasaland monga inadyera eni dziko a kumeneko.

Koma lero sindinena za zitenje. M'misewu yothithikana yozungulira nyumba yaikulu ya msika, imene anailinganiza mmisiri wa komweko Beda Amuli, nitsegulidwa mu 1975, nipsa ndi moto mu Julaye 2021, muli timasitolo ta mankhwala azitsamba, mmene munthu akangoponda pakhomo amalandiridwa ndi fungo la lubani, uchi, mafuta ndi mizu youma. Ndipo pakati pa zimenezo pamapezeka kanthu kakuda, kolimba, kamene Aswahili amakatcha shubiri. Mukakaswa kamanyezimira poswekapo, ndipo mukangokakhudza ndi nsonga ya lilime, kuwawa kwake kumakuperekezani mpaka madzulo. Shubiri ndi utomoni wachikasu wa masamba a aloe, umene amaukhetsa, nauphika kapena kuuyanika kufikira utauma gwa. Pafupi pomwepo pamakhala sopo, mafuta odzola, mabotolo a zakumwa, mwinanso masamba aawisi, ndipo zonsezi, mungafunse kwa yani, dzina lake n'limodzi: alovera. Kwathu kuno n'chimodzimodzi. Chomera chilichonse cha masamba onenepa ndi minga m'mbali, kaya chili m'chitini pakhonde, kaya chazulidwa pathanthwe, timati alovera, tikudula, tikuviika m'madzi, tikumwa, tikumwetsanso nkhuku tikamva kuti chitopa chalowa m'mudzi.

Mlandu wanga uli pa dzina limeneli, ndipo ndiupereka kwa inu owerenga kuti muuweruze nokha. Ndikunena kuti msika umene watenga zomera mazanamazana, zosiyana kaumbidwe, kwawo ndi mphamvu, nuzipatsa dzina limodzi chifukwa choti ndilo likuyenda malonda, ukulakwira mbali ziwiri nthawi imodzi: ukulakwira wogula, amene akumwa chimene sachidziwa, ndiponso ukulakwira chomeracho, makamaka chija cha pa chilumba, chimene chikatha pamalo pake amodziwo ndiye kuti chatha pansi pano. Ena adzati izi n'za anthu ophunzira osowa chochita, ongokhalira kusanja masamba ouma m'makabati. Koma ine ndiona kuti kusanja zomera m'mabanja, m'mafuko ndi m'mitundu yake n'kofunika kwa mayi wa geni kuposa kwa mphunzitsi wa pa yunivesite, pakuti mphunzitsi akalakwitsa amangokonza pepala, pamene mayi akalakwitsa amakhala atamwetsa kale mwana.

Kuyambira mu 1753, pamene Carl Linnaeus wa ku Sweden anasindikiza kaundula wake wamkulu wa zomera, chomera chilichonse chimadziwika ndi mayina awiri, loyamba la fuko, lachiwiri la mtundu. Fuko la Aloe lili ndi mitundu yoposa 500, yomwazika mu Africa, ku Arabia, ku Madagascar ndi pa zilumba zina za m'nyanja yamchere ya India. Ndipo Aloe vera, amene walanda dzina la abale ake onse, ndi mtundu umodzi wokha mwa imeneyo, mtundu umene akafukufuku amati kwawo kwenikweni ndi ku Arabia, koma anthu anaunyamula kalekale kunka nawo ku India, ku Mediterranean ndi ku zilumba za Caribbean. Chotero aloe amene mumupeza atadzimerera yekha pathanthwe ku Dedza kapena ku Zomba ndi mwini dziko, ali ndi dzina lakelake, ndipo kumutcha alovera ndi kumutcha dzina la mlendo.

Taonani kaumbidwe kake, pakuti m'menemo muli nzeru yosachepa. Masamba ake amayalana mozungulira, aliyense ali ndi khwawa pamwamba pake, kotero kuti mame ndi kamvula kalikonse kamatsetserekera pakati kukagwera pamizu, monga momwe Amuli anaumbira denga la msika wa Kariakoo kuti lizikunkha madzi a mvula ndi kuwatsitsira pansi m'kati mwa mizati yake. Mukadula tsamba mopingasa mudzaona zinthu zitatu: kunja kuli khungu lolimba losalola madzi kuthawa, pansi pa khungu pamatuluka timadontho tachikasu, towawa, ta fungo lamphamvu, ndito timene timasanduka shubiri, ndipo pakati pali mnofu woyera mbuu, woterera, wosawawa, umene ndi nkhokwe ya madzi, ndiwonso umene anthu amadzola popsa ndi moto. Chodabwitsa china sichioneka ndi maso: timabowo topumira ta pa tsamba timakhala titatseka masana onse dzuwa likuswa mtengo, ndipo timatseguka usiku kukazizira, kutenga mpweya ndi kuusunga kuti ugwire ntchito mawa lake. N'chifukwa chake aloe akhoza kukhala miyezi yambiri osalawa mvula, komanso n'chifukwa chake amakula pang'onopang'ono, kotero kuti chimene munthu wazula ndi khasu limodzi, thanthwe linachilera zaka zambiri.

Komatu masamba onenepa si umboni wa ubale. Chilala chimaumba alendo kuti afanane, ndipo amene aweruza ndi tsamba lokha adzanyengedwa. Khonje amaoneka ngati aloe wamkulu, koma kwawo ndi ku Mexico, ndipo anafika ku gombe la Tanzania mu 1893 pamene Mjeremani Richard Hindorf anaitanitsa mbande kudzera ku Florida, zimene zinapulumuka 62 zokha, nizibzalidwa pafupi ndi Pangani. Tsamba la khonje lili ndi luzi lopota chingwe, la aloe lilibe. Khonje amaphukitsa mlongoti wa maluwa kamodzi kokha pa moyo wake nafa, pamene aloe amachita maluwa chaka ndi chaka. Ndipo mukayang'anitsitsa duwa mudzaona kuti kachipatso ka aloe kamayambira m'kati mwa duwa, pamene ka khonje kamayambira pansi pake. Nkhadze ya m'mipanda yathu nayo imasunga madzi, koma utomoni wake woyera uja woopsa m'maso umatiuza kuti abale ake ndi chinangwa ndi nsatsi. Malembo anatichenjeza kale kuti mtengo tiziuweruza ndi chipatso, ndipo ophunzira za zomera, kaya amawerenga Malembo kaya ayi, anafika pa chigamulo chomwecho: duwa ndi chipatso ndizo zimasunga mbiri ya fuko, pamene tsamba limangotsata nyengo. Ntchito yotere ifuna kufatsa, paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono chimene chimandipweteka n'chakuti amalonda akale a gombe lomweli ankadziwa bwino kuposa ife. Kumpoto, pafupifupi makilomita 240 kuchokera ku nsonga ya Somalia, kuli chilumba cha Socotra, cha dziko la Yemen, chimene chinatchuka ndi aloe kuyambira masiku amakedzana. Alembi a Chiarabu anasimba kuti Alexander Wamkulu analanda chilumbacho polangizidwa ndi Aristotle, kuti asilikali ake asasowe mankhwala amenewa. Ingakhale ndi nthano chabe, ikutisonyeza mtengo umene anthu ankauika pa katunduyo. Alipo ophunzira Baibulo amene amaganiza kuti aloe uja Nikodemo anabwera naye pamodzi ndi mure pokakonza thupi la Ambuye anali wochokera mbali zomwezo. Eni chilumba ankakumba kadzenje, nayalamo chikopa cha mbuzi, nasanja masamba odula mozungulira kuti utomoni ukhetsere pakati. Ukauma ankaumanga m'zikopa, ndipo zombo zamatanga zinkautenga ndi mphepo ya mwaka kunka nawo ku Bombay ndi ku Zanzibar, kumene unkakwera zombo zina za ku Ulaya. Mabuku akale a asing'anga a ku Ulaya amasiyanitsa aloe wa ku Socotra, wa ku Zanzibar, wa ku Cape ndi wa ku Barbados kapena Curaçao, uliwonse ndi maonekedwe ake ndi mtengo wake. Wa ku Cape umachokera ku Aloe ferox, wa ku Barbados ku Aloe vera, ndipo wa ku Socotra ku mtundu umene unatchedwa Aloe perryi pokumbukira Wykeham Perry amene anautola. Anthu aja analibe makina oyezera, koma ankafunsa kuti katundu wachokera kuti, chifukwa ndalama yawo inali pamenepo. Ife a m'badwo wa mafoni ndi intaneti tasiya kufunsa.

Socotra yemweyo ndi sukulu yaikulu ya zimene chilumba chimachita ndi zomera. Isaac Bayley Balfour wa ku Scotland atapitako mu 1880 anabwerako ndi mitundu yambiri imene ophunzira anali asanaionepo, ndipo pamene bungwe la UNESCO linkaika chilumbacho m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2008, linawerengera mitundu ya zomera 825, imene 37 mwa 100 iliyonse sipezeka kwina kulikonse. Kumeneko kuli mtengo wa thunthu lotupa ngati kamlambe, Dendrosicyos socotranus, umene maluwa ake amaulula kuti ndi wa banja la maungu ndi nkhaka, ndipo ndi wokhawo m'banja lonselo umene unasanduka mtengo. Mbewu ikagwera pa chilumba, nikhala kutali ndi abale ake mibadwo yosawerengeka, imayamba njira yakeyake.

Koma sitisowa kupita ku Yemen kuti tione zimenezi, pakuti chitsanzo chabwino chili m'dziko la Tanzania lomwelo, pa chilumba cha Pemba, kumene zombo zimapita kuchokera pa doko limene lili kufupi ndi Kariakoo. Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, chakhala pa madzi osaya, ndipo m'nthawi zakale pamene nyanja inatsika chinali cholumikizana ndi mtunda. Koma Pemba anapatulidwa ndi chigwa cha m'nyanja chakuya mamita mazanamazana, nakhala payekha nthawi yaitali kwambiri, n'chifukwa chake ali ndi mleme wamkulu wakewake, kadzidzi wakewake, ndi mtengo wa mtundu wa kanjedza, Dypsis pembana, umene uli m'nkhalango ya Ngezi. Alinso ndi aloe wakewake. Mu 1998 Leonard Newton, mphunzitsi wa za zomera pa Kenyatta University ku Nairobi, anafotokoza mtundu watsopano naupatsa dzina loti Aloe pembana, umene umadziwika ku Pemba ndi pa kachilumba ka Misali cha kumadzulo kwake, osati kwina. Mukauona wopanda maluwa mungati ndi aloe wamba wophukira m'mbali nachita tsinde. Koma dikirani maluwa ayoyoke.

Aloe wa pamtunda, monga athu onse a ku Malawi, maluwa akatha amabala kachikwama kamene kamauma, nikang'ambika patatu, nikataya njere zakuda zopyapyala, zokhala ndi timapiko kuti mphepo iziulutse. Aloe wa ku Pemba satero ayi. Iye amabala chipatso chamnofu, chimene sichiuma n'kung'ambika monga cha abale ake a pamtunda, chipatso choti cholengedwa china chidye ndi kukataya njere kutali. Ndipo abale ake obala chotero sali ku Tanga kapena ku Bagamoyo kumene kuli pafupi, koma ali kutsidya la nyanja: Aloe aldabrensis pa Aldabra, Aloe mayottensis ku zilumba za Comoro, Aloe purpurea ndi Aloe tormentorii ku Mauritius, Aloe macra ku Réunion, Aloe lomatophylloides ku Rodrigues, ndi ena ambiri ku Madagascar, chilumba chimene pachokha chili ndi mitundu ya aloe yoposa 100. Kachipatso kameneko ndiko kalata yosimba kuti chomera cha pa khomo la Africa chinachokera kum'mawa, kudumpha chilumba ndi chilumba. Munthu amene wadula masamba nasiya maluwa osawayang'ana sangawerenge kalata imeneyi, ndipo pa msika pamafika masamba okha.

Ophunzira anakangana nthawi yaitali za aloe a zipatso zamnofuwa. Mu 1811 Carl Ludwig Willdenow wa ku Berlin anawapatula, nawapatsa fuko lawolawo lotchedwa Lomatophyllum, ndipo dzinalo linakhala zaka 185, kufikira mu 1996 pamene Mngelezi Gordon Rowley anawabweza m'fuko la Aloe, poona kuti chipatso chokha sichikwanira kudula ubale pamene maluwa ndi zina zonse zikuchitira umboni kuti ndi amodzi. Ndipo kafukufuku wa DNA amene anadza pambuyo pake anapeza kuti alidi m'kati mwenimweni mwa fukolo. Kenaka mu 2013 Olwen Grace wa ku munda wa zomera wa Kew ndi anzake anachita zosiyana: anatenga aloe ena aatali onga mitengo ndi ena oyanga, amene aliyense ankawayesa aloe enieni, nawatulutsa kukakhala m'mafuko a Aloidendron, Kumara ndi Aloiampelos. Banja lomwe linasinthanso. Kale aloe ankamuwerengera pamodzi ndi anyezi m'banja lalikulu la Liliaceae, lero ali mu Asphodelaceae.

Apa ndi pamene wonditsutsa amapezera pogwira, ndipo sindimupeputsa. Adzati: ngati eni maphunziro akusinthasintha okha mayina, lero uyu walowa, mawa uyo watuluka, mukufuniranji kuti wogulitsa mankhwala ku Kariakoo kapena ku Mchesi asenze mtolo umenewu, munthu amene akufuna ya ufa ndi ya lendi? Ndivomera kuti wogulitsayo si ndiye woyamba kulakwa. Iye amagulitsa chimene wogula akuitanitsa, ndipo wogula anaphunzira dzina la alovera pa wailesi ndi pa mabotolo a makampani. Ndivomeranso kuti palibe amene angamukakamize kuloweza Chilatini. Koma kusintha kwa ophunzira ndi kusasintha kwa msika si zinthu zofanana: ophunzira amasintha chigamulo chifukwa kwabwera umboni watsopano, ndipo pa kusintha konseko sanaiwale kuti wa ku Pemba ndi wina, wa ku Socotra ndi wina, pamene msika wakhazikika pa dzina limodzi chifukwa wakana kumva umboni uliwonse. Sindikupempha Chilatini, ndikupempha mafunso awiri amene mwana yemwe angafunse: chomerachi chachokera kuti, ndipo chinabzalidwa kapena chinazulidwa kutchire?

Funso limeneli likhudza thupi, pakuti si aloe aliyense amene ali bwenzi la munthu. Ku Kenya ndi kumpoto kwa Tanzania kuli Aloe ballyi, amene masamba ake akathyoledwa amanunkha makoswe, ndipo ali ndi ululu wa mtundu umene uli m'chitsamba chija anaphera Socrates. Aloe ruspoliana wa ku Kenya, Ethiopia ndi Somalia ali ndi ululu womwewo, kotero kuti abusa amaupaka pa nyama pofuna kupha afisi. Kunja n'kokongola monga anzake onse, koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ngakhale alovera weniweni, utomoni wake wachikasu uja umatsegula m'mimba mwamphamvu ndi mopotokola, ndipo si woyenera mayi woyembekezera; boma la America linauchotsa mu 2002 pa mankhwala otsegula m'mimba ogulitsidwa popanda chilolezo cha dokotala. Amene amaviika tsamba lonse m'botolo n'kumamwa m'mawa uliwonse poganiza kuti kuwawa ndiko kuchiza, ayenera kumva zimenezi. Za nkhuku ndingonena mwachidule kuti chitopa chili ndi katemera, ndipo madzi owawa salowa m'malo mwake.

Likhudzanso lamulo, ndipo apa ndi pamene dzina lija limaonetsa mphamvu yake yoipa. Pangano la maiko la CITES, limene linalembedwa ku Washington mu 1973, ndipo Malawi ndi Tanzania onse ali momwemo, linaika aloe onse pa mndandanda wa zomera zimene siziyenera kudutsa malire popanda chilolezo, kupatulapo mtundu umodzi wokha, ndiwo Aloe vera, popeza uwo ndi wolimidwa m'minda. Tamvetsani bwino: mtundu umodzi ndi womasuka, ena onse ndi omangidwa, ndipo msika watcha onsewo dzina la womasukayo. Ndani pa chipata cha Songwe, pakati pa mabelo ndi makatoni a basi yodzaza, angathe kuyang'ana chibuma chakuda cha shubiri nanena kuti ichi chinachokera m'munda, ichi chinachokera kutchire? Ku Kenya, Pulezidenti Daniel arap Moi analetsa kukolola aloe akutchire mu 1986, koma malonda a utomoniwo sanathe, anangolowa pansi. Sindikunena kuti aloe wa ku Pemba ali pa mashelefu a ku Kariakoo. Ndikunena kuti tsiku limene adzafikepo, adzalowa ndi dzina la alovera, nagulidwa, natha, wopanda womuzindikira.

Ndipo chomera cha pa chilumba chilibe kothawira. Aloe wa pamtunda akatha phiri lino, mwina atsala pa phiri linalo. Koma Aloe pembana, amene ali kale m'kaundula wa zomera zimene zili pa ngozi yaikulu ya kutha, alibe phiri lachiwiri. Anthu a ku Mauritius anaphunzira izi mowawa. Pa kachilumba kawo ka Round Island, anthu anasiyapo mbuzi ndi akalulu, zimene zinadya msipu ndi mbande zonse mpaka dothi linakokoloka kutsala miyala. Ndipo panafunika ntchito yaikulu kuti mbuzi zithe mu 1979 ndi akalulu mu 1986, pamenepo zomera za pamenepo, kuphatikizapo Aloe tormentorii, zinayamba kupuma. Iwo anapulumutsa chifukwa anali atadziwa kale dzina la chimene ankapulumutsa. Boma silingaike mlonda pa chinthu chimene sichinalembedwe, ndipo madzi akatayika saoleka.

Zomera za pa zilumba zili nafe pafupi kuposa mmene tidziwira. Kamtengo kaminga ka maluwa ofiira kamene kali m'miphika pa makonde ambiri a m'tauni, Euphorbia milii, kwawo ndi ku Madagascar. Chimodzimodzinso Kalanchoe pinnata, chitsamba chija ana amathyola tsamba lake naliika m'buku, ndipo patapita masiku amapeza timizu ndi timbande titaphuka m'mphepete mwa tsambalo. Izi zinachita mwayi, zinakondedwa nizifalikira, zina mpaka kusanduka udzu wovuta m'maiko ena. Koma mwayi wa ochepa usatiphimbe m'maso pa tsoka la ambiri amene anatsala kwawo.

Ndibwerere kwathu, pakuti sindingadzudzule msika wa eni pamene pakhomo panga pali posasesa. Malawi ali ndi aloe akeake okongola. Alipo Aloe cameronii, amene masamba ake amafiira ngati mkuwa pa matanthwe m'chilimwe, wotchedwa dzina la Kenneth Cameron wa kampani ya African Lakes amene anautumiza ku Kew. Alipo Aloe buchananii wa masamba opyapyala wobisala m'udzu, wokumbutsa John Buchanan wa ku Zomba. Alipo Aloe mawii wa pa phiri la Zomba, amene ngala yake ya maluwa imagona chammbali m'malo moloza kumwamba. Ndipo alipo Aloe mzimbana, amene yekha mwa amenewa ananyamula dzina la dera lathu. Sindichitira nsanje alendo amene anatola ndi kulemba, pakuti akanapanda iwo bwenzi tilibe kaundula. Koma sitingakane kuti aliyense wa iwo anali ndi munthu wa m'mudzi womutsogolera, wodziwa dzina ndi ntchito ya chomeracho, amene dzina lake silinalembedwe. G. W. Reynolds analemba za aloe a ku Nyasaland mu 1954, nalembanso buku lalikulu la aloe a m'madera otentha a mu Africa ndi Madagascar mu 1966. Stewart Lane anatulutsa buku la aloe a ku Malawi mu 2004. Onsewa ndi a m'Chingerezi, ndipo sing'anga wa ku Ntcheu, mlangizi wa ziweto ku Mchinji ndi mayi wa geni wa ku Karonga, amene ndiwo amagwira masambawo ndi manja tsiku ndi tsiku, sawafikira. Pakali pano mayina akale a m'midzi akufa limodzi ndi nkhalamba zimene zinkawadziwa, ndipo pamalo pake pakukhala dzina limodzi lija la pa botolo.

Tikumbukenso kuti nafe tili ndi zilumba, si Likoma ndi Chizumulu zokha, komanso nsonga za Mulanje, Zomba ndi Nyika, zimene zazunguliridwa ndi zigwa zotentha, kotero kuti chomera cha pamwamba sichingatsike kukafuna malo ena. Mkungudza wa ku Mulanje watiphunzitsa kale chimene chimachitika msika ukapeza chinthu chimene chili pamalo amodzi okha. Mfumu Solomoni, pakati pa nzeru zake zonse, anatamandidwanso chifukwa chodziwa kunena za zomera, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Sichinali chinthu chochepetsa mfumu, ndipo sichingachepetse nduna kapena mphunzitsi wamkulu wa masiku ano.

Chotero pempho langa loyamba lipite kwa a National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ku Zomba, amene ali ndi zitsanzo ndi akatswiri: tipatseni kabuku ka m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ka zithunzi za tsamba, duwa ndi chipatso, kolembamo dzina la ophunzira pambali pa mayina a m'midzi monga akuluakulu akuwatchulira akali moyo, ndipo kabukuko kafike kwa asing'anga, kwa alangizi ndi kwa ogwira ntchito pa zipata za Songwe, Mwanza, Dedza ndi Mchinji. Lachiwiri lipite kwa inu amayi ndi abambo okaoda ku Kariakoo: mumadziwa kusiyanitsa chitenje chenicheni ndi chonamizira pongochikhudza, ndipo simulola kunyengedwa pa mtengo, chitani chimodzimodzi ndi shubiri ndi masamba, paja safunsa anadya phula, ndipo wogulitsa akalephera kunena kumene katundu wachokera, musiyireni. Amene afuna alovera wa pakhomo apemphe mphukira kwa mnansi amene anabzala, asakwere phiri ndi khasu.

Aloe athu ambiri amachita maluwa m'nyengo yachisanu, cha m'ma Meyi mpaka Julaye, ndipo zipatso zimatsatira pambuyo pake. Aphunzitsi a m'sukulu zoyandikana ndi mapiri atenge ana awo chaka chino, akaone maluwawo ali pamalo pake, akafunse agogo a m'mudzimo dzina lake, nalilembe.